Laputopu Ikamatentha: Malangizo kwa Omvera a ku Machinga ndi Balaka

Nkhani ya lero ikukhudza makina amene afala m'manja mwa aphunzitsi, ophunzira ndi achinyamata a m'matauni a Liwonde, Ntaja, Balaka ndi Ulongwe. Makinawa ndi kompyuta yonyamula m'manja, imene ambiri amaitcha laputopu. Dandaulo la eni ake limamveka kawirikawiri: makina atentha ngati mbaula, fani ikulira kosalekeza, ndipo masewero a mpira monga eFootball kapena FIFA akudukizadukiza. Nthawi zina makinawo amangozima okha, ntchito imene munthu anali kulemba n'kutayika.

Poyamba ndi bwino kudziwa dera limene makinawa akugwiriramo ntchito. Boma la Balaka, limene linapatulidwa ku Machinga m'chaka cha 1998, pamodzi ndi madera a ku Liwonde m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndi malo otsika ndiponso otentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, kutentha kwa masana kumapitirira madigiri 35 masiku ena, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumaposa pamenepo. Tsono makampani opanga makinawa, monga Dell, HP ndi Apple, amalemba m'mabuku a malangizo kuti laputopu zawo zambiri zinapangidwa kuti zizigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Ichi chitanthauza kuti masana a chilimwe ku Balaka makina amayamba ntchito ali kale pamalire a mphamvu zawo.

Kodi kutenthako kumachokera kuti? M'kati mwa laputopu muli kachipangizo kotchedwa purosesa, kamene kamawerengera zonse, ndiponso gawo lina limene limajambula zithunzi zooneka pa sikirini. Magetsi onse amene zipangizozi zimadya amasanduka kutentha. Pofuna kuchotsa kutenthako, opanga anaika kapaipi ka mkuwa kamene m'kati mwake muli timadzi pang'ono. Timadzito timasanduka nthunzi pamwamba pa purosesa, n'kuthamangira kumapeto kwa paipi kumene kuli tizitsulo topyapyala tondandalikana ngati mano a chipeso. Pamenepo fani imaomba mpweya, nthunzi ija imazizira n'kubwereranso ngati madzi. Pakati pa purosesa ndi mkuwa pamapakidwa phala lotuwa lotchedwa thermal paste, lothandiza kuti kutentha kudutse bwino.

Njira imeneyi ikatsekeka, purosesa imadziteteza yokha. Ikayandikira madigiri 95 kapena 100 imachepetsa liwiro lake mwadala kuti isapse, ndipo zikakanika imazimitsa makina onse. Apa ndiye pagona chinsinsi cha masewero odukiza. Masewero amaoneka osalala makina akamajambula zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi imodzi. Purosesa ikabwerera m'mbuyo chifukwa cha kutentha, zithunzizo zimachepa, ndipo wosewera mpira pa sikirini amayenda ngati wachita dzanzi.

Pali njira yosavuta yodziwira gwero la vuto. Ngati masewero ayamba bwino makina ali ozizira, koma patapita mphindi 10 kapena 15 ayamba kudukiza fani ikulira kwambiri, vuto ndi kutentha. Koma ngati akudukiza kuyambira pachiyambi penipeni, vuto lili kwina: mwina makinawo ndi ofooka, mwina chaja si yake, kapena pali mapulogalamu ena amene akudya mphamvu mobisa. Mapulogalamu aulere monga HWMonitor ndi Core Temp amaonetsa madigiri a purosesa, kotero munthu sayenera kungoganizira chabe.

Likakhala vuto la kutentha, mdani woyamba ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la m'misewu ndi phulusa la lupsa zimadzaza mumpweya. Fani imazikokera m'kati, ndipo zimaunjikana pa tizitsulo tija mpaka kupanga chinthu chonga thonje. Mwini makina akaika dzanja potulukira mpweya n'kumva kamphepo kofooka pamene fani ikulira mwamphamvu, adziwe kuti njira yatsekeka. Makina azimitsidwe, chaja ichotsedwe, ndipo fumbi lichotsedwe ndi kaburashi kofewa ndi mpweya wouma. Pouzira mpweya, fani igwiridwe kuti isazungulire mopitirira muyeso. Kupemerera ndi pakamwa si kwabwino chifukwa mpweya wa munthu uli ndi chinyezi.

Mdani wachiwiri ndi malo oikapo makina. Laputopu zambiri zimakoka mpweya kunsi kwake. Kuziika pa matiresi, pa bulangete, pa pilo kapena pa miyendo yofunda chitenje kuli ngati kutseka munthu mphuno. Malo oyenera ndi tebulo kapena thabwa losalala, ndipo kukweza kumbuyo kwa makina ndi timatabwa tiwiri kumathandiza kwambiri popanda kulipira kanthu. Ntchito zolemera zichitike m'mawa kapena madzulo dzuwa litapepa, pamthunzi pamene mphepo ikudutsa. Makina otentha asaikidwe mufiriji, pakuti potuluka amachita thukuta m'kati, ndipo madziwo amaononga waya.

Mdani wachitatu ndi phala lija. Laputopu zambiri za kuno zimagulidwa zogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo pofika m'manja mwa mwini watsopano phalalo limakhala litauma n'kung'ambika. Kulichotsa ndi kupaka latsopano kumatsitsa kutentha moonekeratu. Koma ntchito imeneyi ndi ya mmisiri wodziwa kumasula makina, chifukwa timawaya ta m'kati n'tosachedwa kuduka. Akale anati safunsa anadya phula.

Likakhala vuto la kufooka kwa makina, pafunika kunena zoona. Laputopu zambiri za muofesi zilibe chipangizo chapadera cha zithunzi monga NVIDIA GeForce kapena AMD Radeon. Zimadalira kagawo kamene kali m'kati mwa purosesa, monga Intel HD kapena UHD Graphics, kamene kamabwereka RAM ya makina onse. Makina otere sangathamangitse masewero atsopano monga momwe amaonekera pa kanema wotsatsa malonda. Komabe pali pothawira. Chithunzi cha 1920 ndi 1080 chili ndi timadontho 2,073,600, pamene cha 1280 ndi 720 chili ndi timadontho 921,600 tokha. Kutsitsa chithunzi motero kumachepetsa timadontho tojambula ndi kuposa theka. Kuzimitsa mithunzi ndi zokometsera zina m'masewero, kuonjezera RAM kufika 8 GB kapena kuposa, ndi kuika madiraiva atsopano ochokera kwa opanga makinawo, zonsezi zimapepula katundu.

Nkhani ya magetsi nayo ili ndi mbali yake. Laputopu ikamayendera batire yokha imachepetsa mphamvu kuti moto ukhalitse, choncho masewero amene amayenda bwino magetsi a ESCOM alipo amafooka magetsi akathima. Chimodzimodzi chaja ya mawati 45 ikalumikizidwa ku makina ofuna mawati 65 kapena 90. Nambala yoyenera imalembedwa kunsi kwa makina kapena pa chaja yake yeniyeni. Ndiponso kudina mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kumatsegula Task Manager, imene imaonetsa pulogalamu imene ikudya mphamvu. Masewero okopera mwachinyengo nthawi zina amabwera ndi mavairasi amene amagwiritsa purosesa ntchito mwakabisira, mwini wake osadziwa.

Chenjezo lomaliza ndi la batire. Kutentha kumakalambitsa batire ya lithium msanga, ndipo ikaonongeka imafufuma. Ngati kiyibodi yatukumuka kapena chivundikiro cha kunsi chayamba kuyasama, makinawo asachajidwenso, ndipo batireyo isabooledwe kapena kuponyedwa pamoto, chifukwa ikhoza kuyaka. Ipite kwa mmisiri kuti akaisinthe.

Kwa mphunzitsi amene amasunga mayeso ndi malikisi a ana m'makinawa, kapena wophunzira amene makolo ake anagulitsa thonje ndi nandolo kuti amugulire, laputopu ndi chuma chosabwezereka msanga. Choncho zolemba zofunika zizisungidwanso pa fulashi, ndipo fumbi lizichotsedwa chaka chilichonse mwezi wa Okutobala usanafike.