Bokosi la subwoofer ya m'galimoto: lotseka kapena la bowo?

Ntchito yokolola ikatha, mbatatesi, soya ndi chimanga zikagulitsidwa, eni magalimoto ena ku Angónia amapatula ndalama yoti akonzere nyimbo za m'galimoto. Amagula sipika yaikulu yotulutsa bezi, ija imatchedwa subwoofer, ku Ulónguè, ku Tete kapena kutsidya kwa malire ku Dedza. Kenako amapita kwa kalipentala kuti awakhomere bokosi lililonse lomwe sipikayo ingalowemo. Apa ndi pomwe ndalama imatayikira, chifukwa sipika yabwino ikaikidwa m'bokosi losayenera imalira mofooka ndipo imatha kuwonongeka msanga.

Chifukwa chake n'chakuti mbale ya sipika ikamanjenjemera imakankha mpweya kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Popanda bokosi, mpweya wa mbali ziwirizi umakumana ndipo bezi imazimirira. Ntchito ya bokosi ndi kulekanitsa mbali ziwirizo ndi kuthandiza mbaleyo kuti isayende mopyola muyezo.

Mitundu ya mabokosi yomwe imapezeka kwambiri ndi iwiri. Woyamba ndi bokosi lotseka, lopanda potulukira mpweya. Mpweya wa m'kati umagwira ntchito ngati sipuling'i, kubweza mbale ya sipika m'malo mwake. Bezi yake imamveka yoyera, ng'oma ndi gitala ya bezi zimasiyanitsika bwino. Bokosili limakhala laling'ono ndipo silivuta kukhoma. Vuto lake ndi lakuti limafuna ampulifaya yamphamvu kuti phokoso likwere.

Wachiwiri ndi bokosi la bowo, lomwe limakhala ndi paipi kapena mpata wotulutsira mpweya. Limalira kwambiri kuposa lotseka pa mphamvu yomweyo ya ampulifaya, koma limadya malo, ndipo bowolo si longoboola. Kutalika ndi kukula kwake zimayenera kugwirizana ndi kukula kwa bokosi. Zikalakwika, bowo limalira ngati mluzu, ndipo pa mawu otsika kwambiri mbale ya sipika imagwedezeka popanda choigwira mpaka kung'ambika.

Chotsogolera pa kusankha ndi chiwerengero cha malita chomwe kampani yopanga sipikayo imalemba pa katoni kapena pa kapepala kake. Masipika ambiri a mainchesi 12 amafuna malita pafupifupi 30 mpaka 35 m'bokosi lotseka, ndi malita 45 mpaka 60 m'bokosi la bowo. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Munthu amayeza m'kati mwa bokosi, osati kunja, n'kuchulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, kenako n'kugawa ndi 1,000. Mwachitsanzo, bokosi la masentimita 40 ndi 35 ndi 25 limapereka malita 35. Pamenepo achotsepo malita awiri kapena atatu omwe sipikayo imatenga ikalowa.

Chachiwiri ndi ntchito ya galimotoyo. Chapa yoyenda pakati pa Ulónguè ndi Calómuè, kapena galimoto yonyamula matumba kuchokera ku Dómuè ndi Tsangano, imafuna malo a anthu ndi katundu. Malita 60 a bokosi la bowo ndi malo a thumba lomwe likanalipira ulendo. Komanso bowo limalowetsa fumbi la m'misewu yadothi m'chilimwe, njere za chimanga, ngakhale makoswe omwe amadya mawaya. Kwa galimoto yotere, bokosi lotseka ndilo loyenera. Bokosi la bowo limapindulira amene amagwiritsa ntchito galimoto polengeza malonda, pa ukwati kapena pa bwalo la mpira, pomwe mawu amayenera kufika patali.

Thabwa nalo ndi nkhani. Amisiri ambiri amakonda MDF ya mamilimita 18 chifukwa ndi yolemera ndipo sinjenjemera. Koma MDF ikanyowa imafufuma n'kuyamba kuphwanyika. M'mapiri a Angónia, momwe mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo ndipo nkhungu imachuluka m'nyengo yozizira, galimoto yodontha kapena yonyamula mbatatesi zonyowa imafuna plywood yokhuthala chimodzimodzi, yopakidwa penti. Molumikizira monse muikidwe guluu ndi masikuluwu, osati misomali yokha. Poyesa bokosi lotseka, munthu akanikize mbale ya sipika pang'onopang'ono. Akamva mpweya ukutuluka penapake, ndiye kuti pali mpata wofunika kumata.

Bokosi likatha, limangidwe ndi mabawuti kapena malamba, chifukwa galimoto ikaima mwadzidzidzi bokosi lomasuka limatha kuvulaza okwera. Waya wochokera ku batire ukhale ndi fyuzi pafupi ndi batirelo pofuna kupewa moto. Ndipo mwini galimoto asanalipire kalipentala, amufunse funso limodzi: bokosili ndi la malita angati?