Pamene Bambo Akulephera Kusiya Kachasu

Amayi ambiri obwera ku sikelo kuno ku Nayuchi amadandaula za kachasu. Mwana akamatsika sikelo mwezi ndi mwezi, nthawi zina gwero lake limakhala botolo la bambo. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, koma kachasu akutchezedwabe m'midzi.

Uchidakwa ndi Matenda

Thupi la munthu womwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri limazolowera mowa. Akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera, amatuluka thukuta ndiponso amasowa tulo. Ena amagwa ngati akhunyu, ena pakapita masiku 2 kapena 3 amabwebweta ndi kuona zinthu zomwe palibe. Zimenezi zikhoza kupha. Choncho munthu wotere asasiye payekha, ayambe waonana ndi achipatala.

Kusiyiratu ndiko kofunika, koma ambiri sakwanitsa tsiku limodzi. Nchifukwa chake azaumoyo amaphunzitsa njira yochepetsa zoopsa za mowa pamene munthu akumwabe, kuti iye ndi ana ake akhale ndi moyo kufikira adzasiye.

Zoyenera Kuchita

1. Kambiranani ndi bambo m'mawa asanamwe. Munthu woledzera samva uphungu.

2. Akagulitsa nsomba kapena mpunga, gwirizanani kuti muyambe mwapatula ndalama ya ufa, ndiwo ndi sopo.

3. Adye nsima asanamwe, chifukwa mowa umalowa msanga m'magazi m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Apewe mutu wa kachasu, athire madzi mu kachasuyo, ndipo asankhe masiku osamwa ngati achipatala avomereza.

4. Akaledzera asagone pamphasa imodzi ndi khanda, angalitsamire. Mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwitse. Ngati sakudzuka kapena akupuma movutika, thamangirani naye kuchipatala.

5. Woledzera asakwere bwato pa Chiuta kapena pa Chilwa, asayendetse njinga yamoto, ndipo asayende m'njanji. Sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala ndi zazitali ndi zolemera, siziima msanga.

6. Ngati ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena ma ARV, asadumphitse tsiku, ndipo auze achipatala kuti amamwa mowa.

7. Musasunge kachasu m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mowa wochepa ukhoza kutsitsa shuga m'magazi a mwana mpaka kukomoka. Musatume ana kukagula mowa.

Kwa Inu Amayi

Mayi woyembekezera asamwe mowa ngakhale pang'ono, pakuti umadutsa mpaka kwa mwana m'mimba ndi kuwononga ubongo wake. Umalowanso mumkaka wa m'mawere. Ngati vutoli ndi lanu, musachite manyazi kuuza anamwino. Ngati bambo akukumenyani, chokanipo ndi ana, mukanene kwa ankhoswe ndi kupolisi. Njira iyi si yopirira nkhanza ayi.

Thandizo Lilipo

Yambirani pa chipatala cha Nayuchi. Akaona kuti nkofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde, kumene wodwala angalandire mankhwala oletsa kunjenjemera. Ovutika kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.

Bambo akayambiranso kumwa, musataye mtima. Mulimbikitseni abwererenso kuchipatala. Kumbukirani, pang'onopang'ono ndi mtolo.