Thumba la Ulendo: Mabanja a ku Dedza ndi Tchuthi cha ku Nyanja

M'chaka cha 1955 ku California, m'dziko la America, kunatsegulidwa bwalo lalikulu la zosangalatsa lotchedwa Disneyland, ndipo mabanja ambiri a kumeneko amasunga ndalama nthawi yaitali kuti akaonetse ana awo za m'menemo. Ku Johannesburg kuli lina, Gold Reef City, lomangidwa pamalo pamene kale panali mgodi wa golide. AMalawi amene ali ku Joni amatumiza kumudzi zithunzi za ana awo ali pa akatungwe a magetsi, ndipo zithunzizo zikafika m'foni ya mphunzitsi wa ku Bembeke kapena kalaliki wa pa Boma la Dedza, mwana amafunsa kuti, "Nanga ife, atate, tidzapita liti?"

Ku Dedza kulibe bwalo lotero, koma kuli chinthu chimene alendo amaolokera nyanja zamchere kudzaona. Boma lomweli limatsika kuchokera ku phiri la Dedza, la mamita 2,198, mpaka kukafika m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, m'dera la Inkosi Kachindamoto. Komabe alipo ana ambiri ku Lobi, ku Linthipe ndi ku Kasina amene nyanjayo anangoiona pa mapu a m'kalasi, ena mwa iwo ana a aphunzitsi omwe amaphunzitsa mapuwo. Chifukwa chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi kuchepa kwa malipiro, ndipo palibe wokana zimenezo. Koma chimene chimapha maulendo ambiri, kapena kuwasandutsa ngongole, ndi mwezi umene banja lasankha.

Anthu ambiri mtima umathamangira ku Khirisimasi. Pamenepo ndipo pali msampha, pakuti wantchito wa Boma wa ku Dedza ndi mlimi ndithu, ngakhale avale tayi. Mwezi wa Disembala chimanga chimafuna feteleza wobereketsa, aganyu amafuna malipiro a kupalira, nkhokwe imakhala itayamba kupepuka, ndipo Januwale ali pakhomo ndi makope, mayunifolomu ndi zina za kusukulu. Ndiponso ndi nyengo imene malo ogona a ku nyanja amadzaza, monganso zimakhalira pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Magulu ambiri a banki m'khonde amagawana ndalama kumapeto kwa chaka, kotero munthu amadziona wolemera sabata imodzi. Akapita nayo ku nyanja, munda umagona ndi njala, ndipo pofika Febuluwale amakhala akugogoda kwa wa katapila.

Tchuthi chachitali cha sukulu, cha mwezi wa Ogasiti, chilibe zovuta zimenezi. Chimanga chili m'nyumba, nyemba ndi mbatata ya kachewere zagulitsidwa, msewu ndi wouma, ndipo banja limathawako chisanu cha kumapiri. Chofunika n'kupatula kaye ndalama ya zotsegulira sukulu mu Sepitembala, ndi kukumbukira kuti m'miyezi imeneyi mumaomba mwera, motero tsiku limene asodzi akana kulowa pamadzi si tsiku lokweza ana m'bwato.

Kusunga kwake

Mwezi ukadziwika, kusunga kumakhala masamu a Sitandade 4. Banja loika padera K20,000 mwezi uliwonse kuyambira Okutobala limakhala ndi K200,000 pakutha pa Julayi. Chovuta n'choti ndalama yosungidwa pansi pa pilo imamva maliro onse, zinkhoswe zonse ndi m'bale aliyense wobwera ndi vuto. Ndipo ya m'foni, ya Airtel Money kapena Mpamba, imatha mwakachetechete pogula mayunitsi. Ndalama ya ulendo iyenera kukhala pamalo pamene kuitenga kumafuna kulemba fomu. Mabungwe a SACCO, amene likulu lawo la MUSCCO linakhazikitsidwa mu 1980, anapangidwira zoterezi. Aphunzitsi amene amachita chipereganyu pa sukulu angathenso kupempha anzawo kuti dzina lawo ligwe pa Julayi, mwezi umene anthu saulimbirana monga Disembala. Koma ndalama ya tchuthi imene Boma limapereka kwa antchito ake, imene amaitchula kuti leave grant, isawerengedwe isanafike m'manja.

Pali chinanso chimene makolo a masiku akale sankachiganizira kwenikweni. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mwezi womwewo lita ya petulo inachoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Amene anali atawerengera mtengo wa minibasi mu Okutobala anapeza kuti masamu awo afa. Chifukwa chake si nzeru kusungira ulendo zaka ziwiri kapena zitatu. Miyezi khumi njokwanira, mitengo ifunsidwenso ulendo ukayandikira, ndipo pa ndalama yonse gawo limodzi mwa magawo asanu lisapatsidwe ntchito.

Kugawa kwake

Choyamba kulembedwa ndi mtengo wa galimoto, kupita ndi kubwera, kwa mutu uliwonse. Njira yachidule imapatuka pa msewu wa M1 pa Masasa n'kutsika chitunda cha Khwekhwerere kukafika pa Golomoti. Apo banja lisankhe: kum'mawa ndi ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, kumpoto ndi ku Mtakataka, Mua ndi Salima. Ku Cape Maclear kuli paki ya Lake Malawi, yokhazikitsidwa mu 1980 ndi kuikidwa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 kaamba ka nsomba zake za mbuna. Komweko kuli manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875. Boma linachita bwino kuika mtengo wolowera m'mapaki wotsika kwa nzika kusiyana ndi wa alendo akunja, kotero chiphaso cha unzika chisatsale m'sutikesi.

Njira ya kumpoto ili ndi phindu lina kwa mphunzitsi. Pa Mua, pamene ansembe a White Fathers anamanga mishoni mu 1902, pali malo a Kungoni, oyambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, ndi nyumba ya Chamare yosonyeza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mwana amene waima m'menemo maola awiri amabwerera ndi nkhani yokwanira teremu yonse.

Malo ogona amatenga gawo lalikulu lachiwiri, ndipo usiku uwiri ukwanira. Koma chimene chimaboola thumba ndi tating'onoting'ono: botolo la chakumwa apa, chithunzi apo, chambo chowotcha, mkanda wa mayi, bwato la kukaona chilumba. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Banja la ku Dedza lili ndi mwayi woti kamba ali m'munda mwake: kachewere wophika, mtedza wokazinga, ufa ndi nyemba, kuti ku nyanja kukagulidwe ndiwo yokha. Mwana aliyense apatsidwe kandalama kake m'manja tsiku loyamba, auzidwe poyera kuti kakatha katha.

Mzere umene ambiri amauiwala ndi wa matenda. Ana okulira kumapiri ozizira sanazolowere udzudzu wa kuchigwa, motero masikito apite nawo, ndipo mwana akatentha thupi atabwerako apite kuchipatala tsiku lomwelo. M'madzi ena a m'mbali mwa midzi muli likodzo. Achipatala auzidwe kumene anawo anasamba.

Chaka chimene ndalama yakana kufika, ulendo ungafupike osafa. Mapanga a Chongoni, amene ali ndi malo 127 a zojambula za makolo ndipo anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2006, ali m'boma lomweli. Ku Chentcherere kapena ku Mphunzi banja lingathe kunyamuka m'mawa ndi kamba wake, n'kubwerera dzuwa lisanalowe, ndipo ya m'buku la SACCO n'kudikira Ogasiti winayo.