Katoni ndi rula n'zokwanira kuwongola singano ya galamafoni

Chimbale chikamapangidwa, singano yodula timizere ta nyimbo imayenda molunjika kuchokera m'mphepete kulowera pakati. Koma mkono wa galamafoni ndi womangidwa pamalo amodzi, choncho umayenda mokhota ngati chitseko. N'chifukwa chake singano yoimbira imapendekeka pang'ono m'kamzere, ndipo ikapendekeka kwambiri nyimbo zomaliza, zapafupi ndi pakati, zimamveka zosasa mawu. Ambiri amati chimbale chatha, pomwe vuto ndi mmene katiriji, kabokosi konyamula singano kaja, kanamangidwira.

Erik Löfgren mu 1938 ndi H. G. Baerwald mu 1941 anasonyeza ndi masamu kuti mkono wotere ungathe kulunjika ndendende pamalo awiri okha. Pa chimbale chachikulu cha mainchesi 12, masamu a Baerwald amapereka mamilimita 66 ndi 120.9 kuchokera pakati penipeni. Zipangizo zambiri zogula zowongolera singano, kaya n'zagalasi kapena zachitsulo, zimangosonyeza malo awiri ngati amenewa, ndipo katoni yosalala nayo itha kutero. Lembani mzere wowongoka, boolani ndi lezala kabowo ka mamilimita 7.2 kolowa mothina pa kachitsulo kapakati pa galamafoni, ikani timadontho tiwiri pa miyeso ija, kenaka jambulani timizere topingasa mzerewo ngati mtanda. Zimitsani galamafoni, lowetsani katoniyo pa kachitsulo kaja, masulani pang'ono masikuluwu awiri omangira katiriji, tsitsani singano pakadontho n'kuyang'ana kutsogolo kwake. Kandodo kopyapyala konyamula singano ndi komwe kayenera kutsatana ndi timizereto, osati kabokosi, poti nthawi zina kandodoko kamakhala kokhota kuchokera ku fakitale. Kakalunjika pakadontho kamodzi n'kukana pa kena, sunthirani katiriji kutsogolo kapena kumbuyo ndipo muyesenso mpaka timadontho tonse tivomere.

Ena amatsutsa kuti pensulo ndi yonenepa, siingafanane ndi chida chodulidwa ndi makina. Koma kadontho kobayidwa ndi singano yosokera sikafika ngakhale theka la milimita. Komanso akatswiri eniake sagwirizana: Stevenson mu 1966 anasankha mamilimita 60.3 ndi 117.4 pofuna kuti nyimbo zomaliza zimveke bwino. Ngati njira ziwiri zovomerezeka zimasiyana ndi mamilimita pafupifupi 6 pakadontho kamkati, kuphonya kochepa kwa dzanja losamala sikungawononge nyimbo. Chomwe chimalakwitsa anthu ambiri ndi maso ndi phuma, ndipo chida chodula sichichiza zimenezo. Ngozi yeniyeni ili pa mapepala a miyeso otengedwa pa intaneti, chifukwa makina osindikizira amakonda kuchepetsa chithunzi kuti chikwane papepala. Musanalikhulupirire pepala lotero, liyeseni ndi rula.

Pali pomwe katoni imalekezera. Kalilole wamng'ono woikidwa pansi pa singano amasonyeza ngati yaima chilili kapena yagonera mbali imodzi, koma kulemera kwake kumafuna sikelo. Katiriji ya Audio-Technica AT-VM95E, mwachitsanzo, imafuna magalamu 2, ndipo amene amaika ndalama yachitsulo pamutu pa mkono kuti singano isadumphe amakhala akupala timizere tomwe sitingabwezeretsedwe. Ngati muli ndi ndalama yogulira chida chimodzi chokha, gulani kasikelo, zinazo mupange nokha.