CISONI CA KHOLO: ZIMENE MSANGU UPHUNZITSA OLIRA

Ku zipatala za m'boma la Chipata kumabwera anthu ambiri odandaula mutu, kusowa tulo, mtima kugunda msanga ndi kulefuka kwa thupi lonse. Akapimidwa magazi, malungo sapezeka. Koma akafunsidwa mofatsa, ena amaulula kuti miyezi itatu kapena inai yapitayo anaika amai kapena atate ao m'manda.

Cisoni sicikhala m'maganizo mokha. Munthu akamva uthenga wa imfa, thupi limatulutsa adrenaline ndi cortisol, zimene zimathamangitsa mtima, kukweza BP ndi kucotsa cilakolako ca cakudya. M'caka ca 1990 madokotala a ku Japan anafotokoza nthenda yochedwa takotsubo, pamene mtima umafooka mwadzidzidzi cifukwa ca uthenga woipa. Imagwira makamaka azimai acikulire.

Amene amabvutika kwambiri ndi ana okhala m'makomboni a ku Lusaka monga Kanyama, Chawama, Matero ndi Mtendere. Foni ikalira usiku, m'mawa akwera basi pa Intercity, ayenda makilomita oposa 500 pa Great East Road, afika kumudzi manda atakumbidwa kale. Pakapita masiku atatu abwerera ku nchito. Ena m'cipwirikiti cimeneci amaiwala mankhwala ao a BP, a shuga kapena ma ARV, ndipo maliro amodzi amabala matenda ena.

Makolo akale sanali kulira mothamanga tero. Pakati pa Acewa anthu amameta tsitsi maliro akatha, koma mwambo wa bona umadikira miyezi yambiri, kawiri-kawiri mpaka zokolola zitalowa m'nkhokwe. Apa panali nzeru. Wolira amafunika kudutsa nyengo zonse popanda kholo lake. Mvula yoyamba ikagwa ndipo inswa zikauluka, akumbukira amene anali kumdzutsa kukazigwira. Masuku akayamba kugwa, akumbukira. Nthawi yofutsa ndiwo ikafika, aona mphasa ya amai ili yopinda pakhonde, misozi ibweranso ngati maliro acitika dzulo. Abale sayenera kudabwa kapena kunena kuti munthuyo wabwerera m'mbuyo. Ndi mmene cisoni cimayendera.

Alimi a kuno kum'mawa amaudziwa bwino mtengo wa msangu. Khalidwe lake ndi losiyana ndi mitengo inzake. Mvula ikayamba, pamene chire lonse likubiriwira, msangu umayoyola masamba n'kuima mbee ngati wauma. Mlendo wosaudziwa angatenge nkhwangwa. Koma masamba aja amaolera pansi ndi kusanduka cakudya ca nthaka, ndipo cimanga ca pansi pake cimakula bwino cifukwa cimapeza manyowa ndi dzuwa lomwe. Kukafika kutentha kwa Okutobala, mitengo ina ili gwaa, msangu ndiye umakhala ndi mthunzi, ng'ombe ndi mbuzi n'kumadya zipatso zake.

Wofedwa kholo amafanana nao. Pa Khrisimasi anzake akusangalala, iye ali duu. Sikuti wauma ai. Nyengo yake ndi ina. Ndipo kholo lija, monga masamba ogwa, lasiya zambiri m'nthaka: munda, mbeu, kalimidwe, ngakhale kaphikidwe ka cibwabwa cotendera.

Ndiye cifukwa cake nchito ya manja pa dothi imathandiza. Mwana amene atenga mbeu ya nshawa za Chalimbana kapena cimanga ca makolo m'nkhokwe ya malemu n'kubzala, amakhala ndi cifukwa codzukira m'mamawa. Amayenda, amaombedwa dzuwa, amatopa, njala imamgwira, ndipo usiku tulo timabwera popanda mapiritsi. Wa kukomboni alibe munda, n'zoona, ndipo kumalo ena madzi ndi ogula pa cigubu. Komabe thumba lakale lodzaza dothi limakwana mbeu zingapo za maungu, ndipo madzi otsukira ndiwo ndi okwanira kuthirira.

Koma munda sucotsa cisoni ca mtundu uliwonse. Kuyambira mu 2022, buku la matenda la bungwe la World Health Organization limawerengera cisoni cosatha ngati nthenda yofuna cithandizo. Uyu ndi munthu amene papita miyezi yoposa 6, kupitirira ndi nthawi imene mwambo wa kwao umayembekezera, koma akali kulephera nchito, akana kuti kholo linafa, adzipatula, adziimba mlandu usana ndi usiku. Wotere apite naye ku kiliniki yapafupi, kumene angamtumize ku Chipata Central Hospital, kapena ku Chainama ngati ali ku Lusaka. Kupita ku Chainama sikutanthauza misala.

Kacasu ndi mapiritsi a diazepam ogula mwamseri amagonetsa usiku umodzi, koma thupi limazolowera ndipo bvuto limakula. Amene ayamba kukamba zotsatira kholo lake kumanda asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala ophera tizilombo m'munda acotsedwe m'nyumba. Iyeyu, pamodzi ndi aliyense womva kuwawa pacifuwa kapena kubanika m'masiku a maliro, afike kucipatala tsiku lomwelo.