Chizindikiro pa paketi ya khofi: mlimi amapindula nacho chiyani?

Alimi anzanga, amene munagwirapo paketi ya khofi wogulitsidwa kunja mwina munaona kachithunzi pakona pake. Kena ndi ka chule wobiriwira, kena ka munthu wokweza dzanja. Tizithunzi timeneti si tokongoletsa chabe ayi. Timauza wogula wa ku London kapena ku Berlin kuti khofiyo analimidwa motsata malamulo: osadula nkhalango, osalemba ana ntchito, osapopera mankhwala oletsedwa. Wogulayo akaona chizindikiro amalolera kulipira mokwererapo. Tsono funso langa sabata ino n'lakuti, mwa ndalama zokwererazo, zimene zimafika m'thumba la mlimi wa ku Misuku kapena ku Phoka ndi zingati?

Zizindikirozi zinafala chifukwa cha kugwa kwa mitengo. Kale maiko olima khofi ndi maiko ogula anali ndi pangano lakuti dziko lililonse lizigulitsa mlingo woikika, ndipo mtengo sunkagwa kwenikweni. Mu Julaye 1989 dongosolo limeneli linasweka, khofi anasefukira pa msika, ndipo pofika 2001 paundi imodzi, yomwe ndi magalamu 454, inkagulidwa pa mtengo wosafika masenti 50 a ku America. Chizindikiro choyamba chinali chitabadwa kale mu 1988 ku Netherlands, dzina lake Max Havelaar. Anachiyambitsa ndi Nico Roozen pamodzi ndi wansembe Frans van der Hoff, amene ankakhala pakati pa alimi ang'onoang'ono a khofi ku Oaxaca m'dziko la Mexico. Mu 1997 mabungwe a mtundu umenewu anaphatikizana mu mzinda wa Bonn ku Germany, ndipo lero timawadziwa ndi dzina lakuti Fairtrade. Chule uja ndi wa Rainforest Alliance, bungwe limene linayamba mu 1987 ndipo mu 2018 linaphatikizana ndi lina lotchedwa UTZ.

Kwa mlimi, kusiyana kwa awiriwa n'kwakukulu. A chule amalimbikira za nkhalango, madzi, dothi ndi ufulu wa antchito, koma saika mtengo wotsikitsitsa wa khofi. A Fairtrade amauika. Mu Ogasiti 2023 anakweza mtengo wotsikitsitsa wa khofi wa Arabica wotsukidwa, mtundu umene timalima kuno, kuchoka pa madola 1.40 kufika pa madola 1.80 pa paundi. Pamwamba pake pali masenti 20 pa paundi, ndalama imene amaitcha Premium.

Tiyeni tiwerengere bwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Madola 1.80 pa paundi ndi pafupifupi madola 4 pa kilogalamu. Koma kilogalamu imene akunenayo si ya zipatso zofiira zimene mumapititsa ku sikelo. Ndi ya khofi wosendedwa, woumitsidwa, wopetedwa, wasankhidwa kale ndipo ali m'thumba pa doko kudikira sitima. Kuti mupeze kilogalamu imodzi yotereyi pamafunika makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso. Ndiye kuti kilogalamu ya zipatso ikugwera pakati pa masenti 65 ndi 80. Pamenepo simunachotsepo ndalama ya makina osendera, malipiro a antchito, masaka, chiwongoladzanja cha ngongole ya ku banki, ndi thiransipoti yochoka ku mapiri a ku Chitipa mpaka ku doko la ku nyanja yamchere, pakuti dziko lathu lilibe doko lakelake. Munthu akabwera pa msonkhano n'kukuuzani za madola 4 osatchula zonsezi, mufunseni kuti ndi kilogalamu ya chiyani.

Ndalama ya Premium ija sapatsidwa mlimi m'manja ngati malipiro. Imalowa m'thumba la kopaletivi, ndipo lamulo limati mamembala ndiwo agwirizane pa msonkhano waukulu kuti igwire ntchito yanji: nazale ya mbande, matebulo oyanikira, mlatho, chipinda cha sukulu. Mbali ina amailamula kuti ipite ku zokweza zokolola ndi ubwino wa khofi. Ine lamulo limeneli ndimaliona kuti n'labwino, bola mamembala azipita ku misonkhano ndi kufunsa mabuku. Kumene anthu amangowomba m'manja n'kumwa zoziziritsa kukhosi, ndalama yotere imathera m'maalawansi a komiti.

Mlimi wa mitengo mazana atatu sangapeze satifiketi payekha. Amene amaipeza ndi gulu, ndipo pa nkhani imeneyi alimi a kumpoto anali ndi poyambira. Bungwe la boma la Smallholder Coffee Authority linasanduka thirasiti ya alimi mu 1999, ndipo mu 2007 linakhala Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, mgwirizano wa makopaletivi monga a ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a Nkhata Bay ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Mzimba. Oyendera akafika, monga a FLOCERT amene amafufuzira Fairtrade, sapita m'munda uliwonse. Amasankha alimi ochepa. Akapeza zolakwika zikuluzikulu, satifiketi ya gulu lonse ikhoza kuimitsidwa. Botolo limodzi la mankhwala oletsedwa m'nkhokwe ya mnzanu likhoza kukugwetserani mtengo nonse. Ndipo amene amalipira ulendo wa oyenderawo ndi gulu la alimi lomwelo, khofi agulidwe kapena asagulidwe.

Malamulo ambiri ndilibe nawo vuto. Madzi otsukira khofi ndi owawasa ndipo amapha zamoyo za mu mtsinje; kuwakumbira maenje m'malo mowathira kumene amayi amatunga ndi nzeru ya aliyense. Makungu kuwasandutsa manyowa ndi phindu lathu lomwe. Mwana kuthandiza makolo kuthyola pa tchuthi saletsa, chimene amaletsa ndi kumujombetsa ku sukulu kapena kumupatsa mpope wa mankhwala. Alimi a fodya akudziwa kulemera kwa nkhani ya ana, pakuti mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake pa chifukwa chomwechi. Pamene pamavuta ndi pa mbozi yoboola tsinde la khofi. Akuluakulu amakumbukira mankhwala a dieldrin amene ankapaka pa tsinde, koma amenewo analetsedwa ndi pangano la ku Stockholm la 2001, ndipo endosulfan anawonjezedwa pa mndandanda mu 2011. Chimene chatsala makamaka ndi kusalaza khungwa la tsinde kuti kachilomboko kasowe poikira mazira, ndi kuzula mitengo yogwidwa n'kuitentha. Imeneyi ndi ntchito ya manja, ya masiku ambiri, ndipo pa paketi ija siyilembedwa.

Chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri ndi ichi: satifiketi si wogula. Imangokulolani kugulitsa pa mtengo wa chizindikiro ngati wapezeka wofuna kugula motero. Pa dziko lonse, khofi wolimidwa motsata malamulowa ndi wochuluka kuposa amene ogula amamufuna ndi chizindikiro, choncho wotsalayo amapita pa msika wamba ngati khofi wina aliyense. Kopaletivi ikhoza kusunga malamulo m'minda yonse, kulemba makaundula onse, kulipira oyendera, koma makontena ogulidwa ndi chizindikiro n'kukhala awiri mwa khumi. Komanso mtengo wotsikitsitsa umathandiza pokhapokha msika ukagwa. Mu Febuluwale 2025 mtengo wa Arabica ku New York unadutsa madola 4 pa paundi, kuposa kawiri mtengo wa Fairtrade uja. Chaka chotere mavenda amafika pakhomo ndi ndalama yapompopompo, mamembala ena n'kugulitsa kumbali, kopaletivi n'kulephera kudzaza kontena imene inalonjeza. Msika ukadzagwanso, wogula wachizindikiro uja amakhala atapita kwina.

Pa msonkhano wanu wa pachaka, funsani atsogoleri kuti khofi wogulidwa ndi chizindikiro anali makilogalamu angati mwa khofi yense, kuti satifiketi ndi oyendera zinadya ndalama zingati, ndiponso kuti Premium inalowa ingati ndipo ili kuti. Amene ali ndi mabuku olongosoka sadzakwiya ndi mafunso amenewa.

Pali lamulo linanso limene si lochita kusankha. Mu 2023 bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union linakhazikitsa lamulo loletsa kulowetsa khofi, koko, soya ndi zina zolimidwa pa malo amene nkhalango yake inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020. Linayenera kuyamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2024, koma tsikulo analisunthira m'tsogolo. Wogula adzayenera kuonetsa pamene munda uliwonse uli pa mapu a satelaiti: munda wosapitirira mahekitala anayi nambala za malo amodzi zikwanira, woposa pamenepo ajambule malire onse. Chule kapena munthu wokweza dzanja pa paketi salowa m'malo mwa manambala amenewa. Alangizi akabwera ndi foni kudzalemba munda wanu musawathamangitse poganiza kuti akufuna kulanda malo. Auzeni akusiyireni manambalawo papepala, musunge pamodzi ndi khadi lanu la umembala.