Mapanga a ku Chinhoyi

Munthu wocokera ku Lusaka kunka ku Harare aoloka Zambezi pa ulalo wa ku Chirundu. Atatsala pang'ono kulowa m'tauni ya Chinhoyi, imene inali kuchedwa Sinoia kufikira caka ca 1982, apeza mapanga pambali pa mseu. Ali pamwamba saona codabwitsa, koma mitengo ndi miyala basi. Zonse ziri pansi.

Mlendo atsika pa makwerero olowa m'kati mwa thanthwe. Kuli cisisira, mileme iuluka, ndipo akalankhula amva ngati wina alikumyankha. Tsono kutsogolo kuoneka kuwala, ndipo pansi pa kuwalako pali dziwe lobiriwira ngati thambo lopanda mitambo, madzi ali phee! Azungu alicha Sleeping Pool, ndiko kuti dziwe logona. Madziwo ali oyera kotero kuti miyala ya m'katimo ioneka ngati iri pafupi. Koma musanyengedwe, ana inu, pakuti akatswiri osambira anatsikamo mamita oposa 100 osapeza pothera pace.

Kodi anakumba mapangawa ndani? Si munthu ai, koma mvula. Thanthwe la kumeneko ndi la mtundu wa mwala wa njereza. Madzi a mvula polowa m'nthaka atenga mpweya wa zomera zoola, nakhala owawasa pang'ono. Madzi otere akalowa m'ming'alu ya mwalawo ausungunula, monga mcere usungunuka m'ndiwo, koma pang'onopang'ono ndithu, kwa zaka zikwi zambirimbiri. Mng'alu usanduka mphako, mphako isanduka phanga. Pa Chinhoyi tsindwi la phanga lalikuru linalema kufikira linagwa, ndipo dzuwa lilowera pa cibooco kuwalira dziwe.

Eni dziko, Ashona, acha dziwelo Chirorodziva, dziwe la ogwa. Akuluakulu asimba kuti m'zaka za m'ma 1830 Angoni, popita kumpoto, anadzidzimutsa anthu okhala pamenepo nawaponya m'madzimo. Inu a kum'mawa mudziwa kuti Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, tsiku la kadamsana. Pambuyo pace mfumu Chinhoyi inali kubisa anthu ace m'mapangamo pamene nkhondo ya Amandebele inafika, ndipo dzina lace linatsalira pamalopo.